Zoltán Kodály, Solofa ndi Nyimbo za Kumudzi

Makwaya a m'mipingo ya ku Ndunde ndi madera ena a boma la Chiradzulu, monganso makwaya ambiri m'Malawi, amaphunzira nyimbo zatsopano kudzera mu solofa, yomwe ndi njira yotchulira mawu a nyimbo ndi mayina asanu ndi awiri oyambira pa do, re, mi mpaka pa ti, ndipo polemba mayinawa amafupikitsidwa kukhala zilembo zotsatana ndi timadontho ndi timizere tosonyeza kutalika kwa liwu lililonse. Njirayi inabwera ndi amishoni a ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo inazika mizu kotero kuti mphunzitsi wa kwaya amene sanakhudzepo limba amatha kugawira a soprano, alito, tenala ndi besi mbali zawo kuchokera papepala limodzi lolembedwa pamanja. Munthu amene anaikweza kwambiri solofa m'zaka za m'ma 1900 sanali wa ku Britain ayi, koma Zoltán Kodály wa ku Hungary, katswiri wopeka nyimbo, wofufuza nyimbo za makolo komanso mphunzitsi, amene anatenga chida chomwechi n'kuchilumikiza ku nyimbo zimene anthu a mtundu wake ankaimba m'midzi, ntchito imene kuno kwathu yachitika mwa apo ndi apo.

Kodály anabadwa pa 16 Disembala 1882 m'tauni ya Kecskemét, ndipo popeza bambo ake ankagwira ntchito ya njanji, banjalo linkasamukasamuka. Zaka za ubwana wake anazithera ku Galánta, kumene ankamva ana a anthu wamba akuimba posewera komanso magulu a oimba a mtundu wa Aroma akuliza zoimbira zawo, kenaka ku Nagyszombat, kumene anaimba m'kwaya ya tchalitchi chachikulu nadziphunzitsa kuliza cello, choimbira cha nsambo zinayi chokhwekhweza ndi uta chomwe chimatulutsa mawu aakulu. Malo awiriwa lero ali m'dziko la Slovakia. Mu 1900 anapita ku Budapest, kumene anaphunzira zilankhulo za Chihangare ndi Chijeremani pa yunivesite, nthawi yomweyo akuphunziranso kupeka nyimbo kusukulu yaikulu ya nyimbo pansi pa Hans Koessler, Mjeremani amene ankaphunzitsa motsata mwambo wa kwawo.

Kuphunzira chilankhulo ndi nyimbo pamodzi ndiko kunamutsegula maso. M'masiku amenewo anthu ophunzira a ku Budapest ankaona nyimbo za ku Vienna ndi za ku Germany ngati zokhazo zoyenera munthu wotsogola, ndipo zimene ankazitcha nyimbo za Chihangare zinali makamaka nyimbo za m'tauni zoimbidwa m'malo odyera, pamene nyimbo zakale za alimi ndi abusa a ziweto zinali zosadziwika kwa iwo. Mu 1905 Kodály ananyamuka kupita kumidzi ya kufupi ndi Galánta, kumene analemba nyimbo pafupifupi 150 kuchokera pakamwa pa eni ake, ndipo chaka chotsatira analandira digiri ya udokotala atalemba za kamangidwe ka ndime m'nyimbo za makolo a Chihangare. Nthawi yomweyo anapalana ubwenzi ndi Béla Bartók, wopeka nyimbo mnzake, ndipo mu 1906 awiriwa anasindikiza buku la nyimbo 20 za kumudzi. Maulendo otsatira ankanyamula makina ojambulira mawu pa timibulu ta phula, omwe anali olemera ndipo kambulu kalikonse kankasunga mphindi zochepa chabe, koma ankathandiza wofufuzayo kumvetsera kambirimbiri mpaka atalemba ngakhale kanthetemya kakang'ono ka mawu a gogo amene waimbayo. Ntchitoyi sinali yapafupi, pakuti alimi ambiri ankakayikira mlendo wovala suti wopempha kuti amuimbire, ndipo okalamba, omwe ndiwo ankasunga nyimbo zakale, ankachita manyazi kuimba pamaso pa munthu wa mumzinda.

Pofufuzapo anapeza kuti nyimbo zakale kwambiri za mtundu wawo zimamangidwa pa mawu asanu okha, omwe mu solofa ndi do, re, mi, so ndi la, popanda fa ndi ti, ndipo zambiri zimayambira pamwamba n'kumatsika. Anaonanso kuti kayendedwe ka nyimbozo kamatsata chilankhulo, pakuti m'Chihangare mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo loyamba nthawi zonse, kotero nyimbo ya Chijeremani ikangovekedwa mawu a Chihangare imapotoza katchulidwe. Mmalawi aliyense amene waimbapo nyimbo zomasuliridwa za m'buku la Nyimbo za Mulungu akhoza kuimvetsa mfundo imeneyi mosavuta, chifukwa Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndipo chili ndi kukwera ndi kutsika kwakekwake kwa mawu, zinthu zimene maimbidwe a ku Scotland kapena ku England sankazilabadira.

Kuyambira mu 1907 Kodály anali mphunzitsi pasukulu yaikulu ya nyimbo ija, ndipo mu 1910 anakwatira Emma Sándor, mayi wodziwa kupeka nyimbo ndi kumasulira mabuku amene anakhala naye zaka 48. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha zinthu zinamuipira. Kumayambiriro kwa 1919 anapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa sukuluyo, udindo umene anapitiriza nawo pamene dziko linali m'manja mwa boma la chikomyunizimu lomwe linakhala miyezi yochepa, ndipo bomalo litagwa anaimbidwa mlandu, natsitsidwa paudindo n'kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi. Pangano la Trianon la mu 1920 linadula pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la Hungary, kotero midzi yambiri imene ankatolako nyimbo inakhala kutsidya kwa malire. Dzina lake linabwerera mu 1923 ndi Psalmus Hungaricus, nyimbo yaikulu ya tenala, kwaya ndi gulu la zoimbira yozikidwa pa Salimo 55 monga analilembera mlakatuli wa m'zaka za m'ma 1500, yomwe inaimbidwa pokumbukira zaka 50 chilumikizireni Buda, Óbuda ndi Pest kukhala mzinda umodzi wa Budapest. Salimo limeneli ndi dandaulo la munthu woperekedwa ndi bwenzi lake, ndipo omvera ankadziwa bwino chimene wopekayo anali atadutsamo. Kenaka kunabwera sewero loimba la Háry János mu 1926 ndi Magule a ku Galánta mu 1933, zomwe zinamutchukitsa ku Ulaya ndi ku America.

Munthu wina akadafika pamenepa akadangopitiriza kupekera magulu otchuka a m'mizinda ikuluikulu, koma kuyambira cha mu 1925 Kodály anatembenukira kwa ana a sukulu, atakhumudwa ndi nyimbo zachabechabe zimene ankaphunzitsidwa komanso kaphunzitsidwe kosalongosoka ka aphunzitsi awo. Maganizo ake anali akuti nyimbo ndi ya aliyense, kuti choimbira choyamba ndi mawu a munthu, omwe ngakhale mwana wa mmphawi ali nawo, ndiponso kuti mwana ayambe ndi nyimbo za mtundu wake monga momwe amayambira ndi chilankhulo cha mayi ake asanaphunzire cha alendo. Apa m'pamene solofa inalowera. Mayina a mawuwo anachokera kwa Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1000, koma amene anawasandutsa njira yophunzitsira anthu wamba anali Sarah Glover wa ku Norwich ndi mbusa John Curwen, amene anawonjezapo zizindikiro za dzanja zoimira liwu lililonse. Kodály anaiona njirayi ikugwira ntchito m'masukulu a ku England, ndipo chimene chinamukopa n'chakuti do alibe malo okhazikika, amasuntha malinga ndi pamene nyimbo yayambira, kotero woimba amaphunzira ubale wa mawu, ndiko kuti mtunda wochoka pa so kufika pa mi umamveka chimodzimodzi kaya nyimbo yatengedwa pamwamba kapena pansi.

Iye pamodzi ndi ophunzira ake, makamaka Jenő Ádám, anakonza ndondomeko yoyamba ndi mawu awiri okha, so ndi mi, amene ana amawagwiritsa kale ntchito poitanana, kenaka n'kuwonjeza la, do ndi re, mpaka mwana atadziwa mawu asanu a nyimbo za makolo ake asanakumane ndi fa ndi ti omwe amavuta kuwalondola. Kutalika kwa mawu ankakuphunzitsa ndi timawu ta ta ndi ti-ti totengedwa ku njira ya ku France, ndipo lamulo linali lakuti mwana ayambe waimba, wavina ndi kuomba m'manja asanaonetsedwe chizindikiro cholembedwa. Solofa kwa iye inali mlatho wopita ku manotsi a pamizere isanu, osati polekezera. Kodály mwiniwake analemba mazana a tinyimbo tophunzirira, kuphatikizapo Bicinia Hungarica, ndizo nyimbo za mbali ziwiri zomwe zinayamba kutuluka mu 1937, ndi buku la zoyeserera kuwerenga 333 la mu 1943, ndipo n'chinthu cholemekezeka kuti katswiri wa msinkhu wake sanaione ngati ntchito yonyozeka kupekera mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Bartók anasamukira ku America mu 1940 namwalira ku New York mu 1945, koma Kodály anatsala ku Budapest nkhondo yachiwiri yonse, ndipo nyimbo yake ya Misa, Missa Brevis, inaimbidwa mu 1945 m'chipinda china cha nyumba ya zisudzo zoimba momwe anthu ankabisalamo. Nkhondo itatha anatsogolera bungwe la akatswiri a sayansi la Hungary kuyambira 1946 mpaka 1949, ndipo mu 1950 kwawo ku Kecskemét kunatsegulidwa sukulu ya pulayimale yophunzitsa kuimba tsiku ndi tsiku, yomwe inakhala chitsanzo cha masukulu ena oposa 100 m'dzikomo. Mu 1951 munatuluka buku loyamba la nkhokwe yaikulu ya nyimbo za makolo a Chihangare, ndipo bukulo linali la nyimbo za masewera a ana. Aphunzitsi a maiko ena anaona zipatso zake pamsonkhano waukulu wa maphunziro a nyimbo umene unachitikira ku Budapest mu 1964, chaka chomwe Malawi analandira ufulu ndi kutenga nyimbo ya fuko yopekedwa ndi Michael Sauka. Kodály anamwalira pa 6 Marichi 1967, ndipo mu 1975 ku Kecskemét kunakhazikitsidwa sukulu ya aphunzitsi yotchedwa dzina lake.

Malawi ali ndi mbali zonse ziwiri za ntchito ya Kodály, koma zili padera. Solofa inafalikira kuchokera ku mishoni za Livingstonia, yomwe inayamba mu 1875, ndi Blantyre ya mu 1876, ndipo ku Chiradzulu mwambo wa kuimba m'mbali zinayi unakula m'matchalitchi ndi m'masukulu a mishoni, m'boma lomwe muli Providence Industrial Mission imene John Chilembwe anaiyambitsa ku Mbombwe mu 1900 komanso mishoni ya Akatolika ya Nguludi. Kumpoto, mmishoni Donald Fraser analimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo za m'tchalitchi pa maimbidwe a makolo awo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zomwe zikuimbidwabe, zina mwa izo zitapekedwa Kodály asanatembenukire kwa ana a sukulu. Kutolera nako kunachitika: Hugh Tracey anajambula oimba a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, pamene Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anakumana ndi oimba Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, anagwira ntchito zaka zambiri ndi Moya Malamusi ku Chileka. Chimene sichinachitike mokwanira ndi kutenga zotoleredwazo, kuzisanja kuyambira zophweka mpaka zovuta, n'kuziika m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 1, makamaka lero pamene nyimbo zinaphatikizidwa ndi kujambula, magule ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts.

Kungokopera njira ya ku Hungary mmene ilili kungakhale kusemphana ndi mwini wake, pakuti mfundo yake inali yakuti ndondomeko ichokere m'nyimbo za anthu ake a pamalopo. Valimba wa ku chigwa cha Shire amachunidwa pa mawu asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, omwe sagwirizana ndi do, re, mi wa limba, ndipo kulukana kwa ng'oma ndi kuomba m'manja sikulembeka bwino ndi timadontho ta solofa, kotero wophunzitsa ayenera kudziwa pamene chidacho chimathandiza ndi pamene chimalepherera. Bungwe la UNESCO linaika tchopa, gule wa Alhomwe amene amavinidwa ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, ndipo mu 2016 linazindikira njira ya Kodály monga chitsanzo chabwino chotetezera nyimbo za makolo, chifukwa imazisunga pakamwa pa ana m'malo mozitsekera m'makabati. M'midzi yozungulira Ndunde, momwe Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao akhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, muli nyimbo za pamtondo, zotonthozera mwana, za m'nthano ndi za masewera a pabwalo mwezi ukawala, ndipo muli aphunzitsi a kwaya odziwa kulemba solofa amene angathe kuzilemba zambiri mwa izo monga Kodály anachitira ku Galánta mu 1905.