Mpeni ndi Osula Ace

Mnyamata wina amene anatsiriza sukulu caka catha anandifunsa kuti, "Kodi munthu wofuna kusula mipeni pa nthawi yace yopuma ayambire pati?" Ndinamuyankha kuti ayambe wadziwa kumene nchitoyi inacokera, pakuti ambiri a ife tiyesa kuti mpeni unabwera ndi sitolo.

Citsulo si mlendo m'dziko muno. Pa Kapwirimbwe, mu mzinda wa Lusaka, ofukula zakale anapeza zotsala za anthu amene anali kutulutsa citsulo m'miyala m'zaka za m'ma 400. Mpwitikizi wina, dzina lace Antonio Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa m'caka ca 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, anaiona nchitoyi nailemba m'buku lace. David Livingstone nayenso anapita kwao ndi makasu osulidwa kuno ku Afrika, ena a kwa Sekeletu ndi ena a ku Quelimane, ndipo bwenzi lace la ku Birmingham linapanga nao mfuti.

Nchito ya citsulo inali pawiri, ndipo owerenga agwire bwino mau amenewa. Yoyamba inali ya ku ng'anjo. Amuna anali kuumba ng'anjo ya dothi kutali ndi mudzi, zina zazitali kuposa munthu, nasanjikiza m'kati mwace mtapo ndi makala. Moto unayaka usana ndi usiku. Masiku onsewo amunawo anali kudika, ndipo akazi sanaloledwe kufika pafupi, cifukwa ng'anjo inayesedwa ngati mkazi wapakati amene sayenera kusokonezedwa pobala. Anthu amati makolo anali kusungunula citsulo, koma kunena zoona cimene cinasungunuka ndi mwala. Mwalawo unayenderera pansi ngati phala, ndipo citsulo cinatsala ciri cibuma cazibooziboo.

Yaciwiri inali ya pa cipala. Wosula anaika cibuma cija pa makala, mnyamata akupopa mvukuto wa cikopa ca mbuzi, ndipo anacipondaponda kufikira zonyansa zonse zitatuluka. Apo ndipo panabadwira makasu, nkhwangwa, mikondo, malumo ndi mipeni. Kawirikawiri citsulo cimeneci cinali cofewa. Wosula analimbitsa kukamwa kwa mpeni pakuumenya ndi nyundo utazizira. Mpeni wotere sunacedwe kubuntha, komanso sunacedwe kuthwa pa mwala wonolera.

Nchito yoyamba ija inafa, ndipo inaphedwa ndi mtengo. Masitolo atafika, makasu ndi mipeni ya ku Ulaya inagulidwa ndi ndalama zocepa. Ina inacokera ku Sheffield. Ina ndi ija ya Okapi, imene inayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany m'caka ca 1902, ndipo kuyambira 1988 ipangidwa ku South Africa. Nanga ndani akadadula mitengo yambiri, naocha makala, nacezera ku thengo masiku angapo, cifukwa ca khasu limene liri pa shelefu? Msonkhonso unacotsa amuna m'midzi kupita ku migodi. Ku Kasungu ng'anjo zinazima ca m'ma 1930, ndipo pamene David Killick anafufuza za nchitoyi m'zaka za m'ma 1980, amene anamufotokozera anali nkhalamba zimene zinaiona pa unyamata wao. Sindiwapatsa mlandu makolo amene anaileka, pakuti inali nchito ya thukuta losaneneka. Cimene cindiwawa ine ndi cakuti ana ao anaiwala msanga kuti inalipo.

Koma cipala sicinazime. Njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, m'caka ca 1906, pambuyo pace panadza magalimoto, ndipo wosula anapeza mtapo watsopano pa dzala la zitsulo zakutha. Sipuling'i ya galimoto ndi tupa wakutha ziri ndi kaboni, ndiye mphamvu ija ya m'makala, wambiri kuposa citsulo ca makasu akale. Citsulo cotere cimalimba kwambiri munthu akaciocha naciziziritsa mwadzidzidzi. Tsono amene ayamba kusula lero alowa m'theka lotsala la nchito ya makolo, koma ndi citsulo ca khalidwe lina, cimene cifuna nzeru yace.

Nzeru imeneyi ndinaiphunzira mwamanyazi. Ndinatenga tupa wakale, ndi kumuocha, ndi kumusiya m'phulusa usiku wonse kuti afewe. Madzulo ali onse poweruka ku ofesi ndinali kumusula pa cidutswa ca njanji, kufikira anaoneka ngati mpeni. Pomaliza ndinauocha mpaka kufiira, ndi kuuviika m'madzi ozizira. Unathwadi. Koma tsiku la Khrisimasi, pamaso pa apongozi anga, unagunda fupa la mbuzi nuduka pakati ngati mbale yadothi.

Ndinapita ndi zidutswazo kwa mkulu wina wosula nkhwangwa kuseri kwa msika. Iye anayamba waseka, kenaka anati, "Mwana wanga, mwauumitsa koma simunaupepese." Anandionetsa kuocha citsulo kufikira cifiire monga khala, pamene maginito saciguniranso, ndi kuciviika m'mafuta m'malo mwa madzi. Atatero anacipala kuti ciyere, naciyandikiza pa moto pang'ono pang'ono, maso ali pa citsulo, kufikira cinasanduka mtundu wa udzu wouma wa mwezi wa Julayi. Pomwepo anacicotsa. Kuocha kwaciwiri kumeneku kumacotsa ukali wina wa citsulo, kuti mpeni ukhale wakuthwa koma wosathyoka.

Mnyamata uja ndinamutuma kwa mkulu yemweyo, ndi tupa mmodzi ndi thumba la makala. Ndamva kuti sabata yoyamba yonse sanaloledwe kugwira nyundo, koma anangokhala pa mvukuto.