Mwera, Mthiko wa Nyanja

 Mukathira shuga m'tiyi osatakasa, shugayo amakhala pansi nthawi yaitali. Mukatakasa, tiyi yense atsekemera msanga. Kanthu kakang'ono aka kabvutitsa anthu ophunzira zaka zoposa 100.

M'caka ca 1883, Osborne Reynolds wa ku Manchester anathira utoto m'madzi oyenda m'mpope wagalasi. Madzi poyenda pang'onopang'ono, utoto unaongoka ngati ulusi. Atawafulumiza, ulusi uja unasweka, nusanganikirana ndi madzi onse. Motero anaonetsa kuti cosanganiza msanga ndico kubvunduka kwa madzi.

Nzeru imeneyi itithandiza kumvetsa Nyanja ya Malawi, imene pena iri yakuya mamita 700. M'caka ca 1939, R. S. A. Beauchamp anayamba kuyesa madzi ace, napeza kuti a pansi alibe mpweya umene nsomba zipuma. Cifukwa cace n'cakuti madzi ofunda a pamwamba ali opepuka, ndipo ayandama pa ozizira. Kupitirira mamita ngati 250 nsomba sizingakhale, koma komweko ndiko kumira zobvunda zonse zimene zikadakhala manyowa a nyanja.

Nanga manyowawo akwera bwanji? Oyesa za nsomba a ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay anafufuza zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1974 David Eccles analongosola zimene anapeza. M'miyezi yozizira Mwera ukankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kum'mwera madzi ozizira a nthaka akwera. Pamenepo ndere zicuruka, tizirombo ta m'madzi tidya nderezo, usipa nudya tizirombo. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene nsomba zicurukira ku Mangochi.

Koma m'caka ca 2005, Martin Vollmer ndi anzace anaonetsa kuti madzi akuya anafunda ndi madigiri 0.7 pa zaka ngati 60, popeza madzi ozizira otsikira pansi anacepa. Kutakasa kukafooka, cakudya ca nsomba cingacepenso. Cotero msodzi wodandaula kuti Mwera wamletsa kupalasa bwato akumbukire kuti mphepo yomweyo ndiyo mthiko wophika cakudya ca nsomba zace.