Zengeza ndi mkangano wa ndale zakumanzere

Mu Januwale 2000 chipani cha MDC chinachita msonkhano wake waukulu woyamba ku Aquatic Complex ku Chitungwiza, osati patali ndi nyumba za Zengeza 3. Malowo anali oyenera. Chitungwiza ndi tauni yogonamo antchito, amene amalawirira ku Harare m'mamawa n'kubwerako kutada. Mtengo wa ufa utakwera mu Januwale 1998, zipolowe zinakula kwambiri m'tauniyi ndi ku Harare mpaka boma linatulutsa asilikali.

Chipanicho chinabadwa m'bungwe la antchito la ZCTU, motsogozedwa ndi Morgan Tsvangirai ndi Gibson Sibanda, ndipo chinkadzitcha cha social democracy: mafakitale ndi mabanki akhale m'manja mwa eni ake, koma misonkho ndi malamulo ziteteze wosauka pa sukulu, chipatala ndi malipiro. Kodi zimenezi ndi ndale zakumanzere, zokomera wantchito pamaso pa bwana, kapena ndi kungomupepesa ndi nyenyeswa? Munyaradzi Gwisai wa International Socialist Organisation, amene anapambana mpando wa Highfield m'dzina la MDC chaka chomwecho, ankati chipani chikugwa m'manja mwa mabwana. Pomwepo Eddie Cross, wotsogolera mfundo za chuma m'chipanicho, ankalimbikitsa kugulitsa makampani a boma. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Gwisai anachotsedwa mu 2002.

Komabe wokhala ku Zengeza 3 anali ndi muyeso wake, wochokera m'zimene anaona. Boma la Robert Mugabe linkalalikira sosholizimu ya Marx ndi Lenin, koma zimene linachitadi itangodutsa 1980 zinali zosintha pang'onopang'ono: maphunziro aulere a pulayimale, malipiro otsikitsitsa oikidwa ndi lamulo, ndi chithandizo chaulere chakuchipatala kwa olandira ndalama zochepa. Migodi ndi mabanki ambiri zinatsala ndi eni ake akale. Wonena kuti zimenezi sizinali zakumanzere ayambe wafotokozera mayi amene mwana wake anali woyamba m'banja kufika kusekondale. Kufooka kwake kunali kwina: zinaperekedwa kuchokera kumwamba, ndipo amene anapereka anathanso kulanda. Ndondomeko ya ESAP itayamba mu 1991, fizi inabwerera m'sukulu za m'tauni, kuchotsa antchito kunaphweka, ndipo patapita zaka zochepa fakitale ya nsalu ya Cone Textiles ku Chitungwiza inatseka, anthu zikwizikwi n'kutsala manja lende. Apa Gwisai sankalakwa.

Pa nkhani ya minda ndi pamene mfundo yake imavuta kwa a Chichewa ndi Chinyanja. Iye ankavomereza kuti minda ya azungu ilandidwe popanda chipukuta misozi, ndipo pamapepala palibe mfundo yakumanzere yoposa imeneyo. Koma m'mafamuwo munkagwira ntchito ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kuyambira mu 2000 ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo ochepa okha ndi amene analandira malo. Lamulo la unzika la 2001 linawasandutsa alendo m'dziko limene anabadwira, n'kuwalanda voti. Chimene chinawabwezera ambiri unzika si kuukira kwa antchito ayi, koma malamulo aakulu a dziko a 2013, amene ZANU-PF ndi MDC anakambirana pang'onopang'ono ali m'boma la mgwirizano.