Kamakina Kowongolera Mtima: Kumene Kanachokera ndi Kumene Sikanafike

Malume anga a ku Ngabu, amene anawaika pacemaker pachifuwa pamene ankagwira ntchito ku Johannesburg, sankadandaula kanthu akakhala m'munda mwawo mwa thonje, koma masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa lili paliwombo, iwo atadziponya pamphasa patsinde pa bwemba, ndi pamene ankagwira pakhosi nanena kuti, "Mphwanga, muno mukulira ng'oma." Abale ena anati ndi ukalamba, ena ananong'onezana za kulodzedwa, chikhalirecho mlandu unali pa katcheredwe ka kamakinako.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo kamakinaka sikanabadwe tsiku limodzi. M'chaka cha 1952, Paul Zoll wa ku Boston anadzutsa mtima wofooka poupatsa magetsi kudzera pakhungu, njira imene inapulumutsa moyo koma inali yowawa kosaneneka. Mu 1957 magetsi atazima mumzinda wa Minneapolis, tsoka limene ife sitifunika kulongosoleredwa, Earl Bakken anakonza kamakina koyendera batire koti wodwala n'kumayenda nako. Tsono pa 8 Okutobala 1958, chaka chomwe chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa ku Blantyre, dotolo Åke Senning wa ku Sweden anasokerera m'thupi mwa Arne Larsson kamakina kopangidwa ndi Rune Elmqvist. Kanafa patangopita maola ochepa; komabe munthuyo, atasinthiridwa timakina toposa 20, anakhala ndi moyo kufikira 2001, naika m'manda wom'panga opaleshoni ndi mmisiri yemwe.

Timakina toyambato tinali togontha, pakuti tinkangolamula mtima pa liwiro limodzi, munthu kaya ali m'tulo kaya ali paliwiro, osamvera ngati mtimawo wagunda kale pawokha. M'zaka za m'ma 1960 kunadza tomayamba tamvetsera, n'kugunda pokhapokha mtima ukazengereza. Mabatire a lithium anafika m'ma 1970, pamodzi ndi luso losintha katcheredwe popanda kung'ambanso khungu. Ndipo m'ma 1980 kunabwera tozindikira kugwedezeka kwa thupi, tofulumiza mtima munthu akamayenda.

Apa ndipo pagona nkhani ya malume. Mtima uli ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: zipinda zam'mwamba zitsitse munsi, zam'munsi zitsatire, mosinthana. Kamakina kakamalamula zam'munsi zokha, minsi iwiri ija imatha kugwa nthawi imodzi, magazi n'kubwerera m'mitsempha ya pakhosi, ndipo munthu amamva kugunda, chizungulire ndi kulefuka, makamaka akakhala phee, pamene mtima wake wadekha ndipo kamakina katenga ulamuliro. Kawirikawiri amakatchera kuti kasalole mtima kutsika pansi pa kugunda ka 60 pa mphindi. Kwa ena liwiro limeneli limawalanda tulo, ndipo dotolo angathe kulitsitsa kufika pa 50 usiku. Winanso amamva mnofu ukututuma pansi pa nthiti chifukwa magetsi achuluka mphamvu. Ngakhale kabaza wodumpha m'mabampu amatha kukanyenga, kamakina n'kuyesa kuti mwini wake akuthamanga pamene wangokhala pakaliyala.

Zambiri mwa izi amazikonza m'kanthawi kochepa, wodwala ali chikhalire, dotolo ataika kachipangizo pamwamba pa chifuwa nawerenga pa kompyuta. Chondiwawitsa mtima n'chakuti luso lotere, limene kwina likuyesedwa wamba, kwa munthu wa ku Nsanje, Bangula kapena Nchalo lili kuseri kwa mapiri, ndipo madzi akasefukira, monga anachitira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ngakhale msewu wopitira kumeneko umaduka. Malume anapirira miyezi yambiri asanakwere zitunda kukaonedwa; atabwerako, ng'oma ija inali italeka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu amene muli nako kamakinaka, sungani khadi lake pouma, lembani nthawi imene vuto limakugwirani ndi chimene munkachita, ndipo mukakomoka kapena kubanika musadikire tsiku limene anakulemberani: pitani kuchipatala lero lomwe.