Nyumba ya Mandala ndi Mbiri ya Minda ya Tiyi

Lero tiyambe taika makasu pansi, tikambe za nyumba ya Mandala mu Blantyre.

Nyumbayi inamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo mwa nyumba za Azungu zimene zikalipo m'dziko muno, yakale koposa ndi imeneyi. Inali ya kampani ya African Lakes, imene anaiyendetsa abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Popeza John ankavala magalasi a m'maso, anthu anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linagwira nyumba ndi masitolo omwe. Pambuyo pake iyeyu analima tiyi ku Lauderdale, ku Mulanje. Kuno ku Thyolo tiyi anafika mu 1908, chaka chimene njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre.

Mukapitako, kwerani m'chipinda cha pamwamba. Mudzaona mabuku ndi zithunzi zakale zimene amasunga a Society of Malawi. Koma zindikirani ichi: mapepala akalewo amatchula eni minda. Makolo athu, Amang'anja ndi Alomwe, amene anazula zitsa nagwira thangata kuopa kuchotsedwa pamalo, ambiri maina ao sanalembedwe.

Thangata linathetsedwa mu 1962, ndipo amene analiona ndi maso atsala owerengeka. Tsono inu mafumu, itanani nkhalambazo pabwalo, ana a sukulu alembe zimene zinene: malire akale, manda, ndi kumene banja lililonse linachokera. Tsiku la mlandu wa malo mudzazifuna zimenezi. Tsalani bwino.