Shakespeare pakati pa minda ya tiyi: mmene kamasulidwe kake kasinthira

Mwana wa Fomu 4 ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena ku Makwasa akatsegula Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE, amakumana ndi mafunso omwe asautsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 2,000. Kodi sewero limachita chiyani mumtima mwa woonera? Nanga anthu a m'seweromo amaphaniranji? Mayankho ake akhala akusintha, ndipo boma la Thyolo lili ndi mawu ake pa nkhaniyi.

Nkhani inayambira ku Athens. Plato ankati wandakatulo ndi wotsanzira chabe, ndipo oonera zisudzo amatengera kulira ndi ukali zomwe aona, choncho mumzinda wolongosoka anthu otere asapatsidwe malo. Wophunzira wake, Aristotle, anakana m'buku lake la Poetics, cha m'ma 335 Yesu asanabadwe. Iye anati munthu amaphunzira potsanzira kuyambira ali mwana, ndipo sewero lachisoni limatsanzira zochita za anthu kuti oonera agwidwe chifundo ndi mantha, mitima yawo n'kutsukika. Angelezi anatola ganizoli. Philip Sidney analigwiritsa ntchito poikira kumbuyo ndakatulo m'buku lomwe linasindikizidwa mu 1595, ndipo mu 1765 Samuel Johnson anatamanda Shakespeare kuti amaonetsa moyo monga ulili. Pa nthawi yonseyi wotsanzira anali mlembi, osati anthu a m'sewero.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Hegel wa ku Germany anatembenuzira maso ku mkangano. Anati chisoni chenicheni chimabwera pamene mbali ziwiri zalimbana, iliyonse ili ndi chilungamo chake. Mu 1904 A. C. Bradley, m'buku la Shakespearean Tragedy, analowetsa mkanganowo mumtima mwa ngwazi. Kawerengedwe aka ndi komwe kanafika kuno pamene sukulu za sekondale zinayamba, Blantyre mu 1940, Zomba Catholic mu 1942 ndi Dedza mu 1951, ophunzira akulemba mayeso ochokera ku Cambridge. Mpaka lero timabuku ta manotsi timati Macbeth anagwa chifukwa cholakalaka ufumu, Othello chifukwa cha nsanje. Sizabodza ayi, koma mlandu wonse ukugwera munthu mmodzi ngati kuti analibe anansi.

Pamene anyamata ochepa ankaloweza zimenezi m'kalasi, mkangano weniweni unali kumunda. Malo aakulu a ku Thyolo anali m'manja mwa azungu ndi makampani monga British Central Africa Company. Tiyi atayamba ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 anafalikira ku Thyolo, komwe esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Amang'anja omwe anapezeka pa malowo, pamodzi ndi Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo: thangata. Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, nkhani ya malalanje obedwa pa esiteti ina inabutsa chipolowe chomwe chinafalikira m'maboma oyandikana, anthu n'kufa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

M'zaka zomwezo sewero la The Tempest, la mu 1611, linayamba kuwerengedwa mwatsopano. M'seweromo Prospero amafika pachilumba, Caliban amamulandira n'kumuonetsa akasupe ndi nthaka yachonde, mapeto ake mwini chilumba asanduka wotola nkhuni. Octave Mannoni mu 1950, George Lamming wa ku Barbados mu 1960 ndi Aimé Césaire wa ku Martinique mu 1969 anaona utsamunda m'nkhaniyi. Gogo aliyense yemwe anagwirapo thangata akanaimvetsa popanda womufotokozera.

Amene anamanga kutsanzira ndi mkangano pamtolo umodzi ndi René Girard, Mfalansa yemwe ankaphunzitsa ku America. Kuyambira mu 1961 ankanena kuti munthu sadziwa yekha chomwe akufuna, amayang'ana mnzake. Chinthu chimakoma chifukwa wina akuchifuna. Awiri akafuna chinthu chimodzi, amene anali chitsanzo amasanduka mdani, ndipo akamakangana amayamba kufanana mpaka osasiyanitsika. Mu 1972, m'buku la Violence and the Sacred, anawonjezera kuti chidani chikadzaza mudzi, anthu amagwirizananso polozera chala munthu mmodzi n'kumupha kapena kumupirikitsa, monga mbuzi ija ya pa Levitiko 16 yomwe inkasenzetsedwa machimo a onse.

Mu 1991 Girard anatulutsa A Theater of Envy, n'kuonetsa kuti Shakespeare ankazidziwa kale izi. M'ndakatulo ya The Rape of Lucrece, ya mu 1594, Tarquin amayamba kusirira mkazi wa mwini chifukwa mwamuna wake yemwe ankadzitama naye pagulu. Mu The Two Gentlemen of Verona, Proteus amasiya bwenzi lake n'kuthamangira mtsikana yemwe mnzake wapamtima akumutamanda. Mu Julius Caesar kaduka ka Cassius kamapatsira Brutus, kenako, Caesar ataphedwa mwachiwembu, khamu lokwiya likumana ndi wandakatulo wotchedwa Cinna. Iye afotokoza kuti si Cinna wachiwembu uja, dzina lokha ndilo lofanana, koma amukhadzula ndithu.

Gawo limenelo sindiliwerenga ndi mtima wozizira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Usiku anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatchingidwa ndi miyala ndi zipika, ndipo mlendo woyenda ndi chikwama ankafunsidwa mafunso omwe yankho lake silinkamvedwa. Anthu osalakwa anaphedwa. Aliyense pakhamupo ankaona mantha pankhope ya mnzake n'kuwatengera. Apa Girard amatithandiza kuposa Bradley, chifukwa palibe ngwazi imodzi yokhala ndi chilema, koma mudzi wonse ukutsanzirana.

Pabwalo la zisudzo Amalawi sanangolandira zochokera kunja. Mipikisano ya zisudzo ya ATEM m'sukulu za sekondale ndi gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College zinaphunzitsa achinyamata kunena zolemera mophiphiritsa, pa nthawi yomwe sewero lililonse linkadutsa kaye ku Censorship Board pansi pa lamulo la mu 1968. Gulu la Nanzikambe, lomwe linayamba mu 2003, linaveka Hamlet ndi Macbeth zovala zakuno. Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, ndipo sewerolo linaonetsedwa ku Mzuzu mu 2016, patatha zaka 400 Shakespeare atamwalira.

Komabe pali pomwe ndimasiyana ndi Girard, ndipo ndi Thyolo yemwe amandisiyanitsa naye. Pasikelo madzulo, mayi wothyola tiyi amatula dengu lomwe lakhala kumsana tsiku lonse, maso ali pa dengu la mnzake, makutu ali kwa kapitawo yemwe akutchula makilogalamu. Kaduka kangabadwe pamenepo, n'zoona. Koma mayi yemweyo akabwerera kwawo, komwe kamunda ka chimanga kapanikizika pakati pa phiri ndi malire a esiteti, kufuna kwake malo sanakutengere kwa wina aliyense. Ana akufuna nsima. Pamene Vincent Wandale ndi gulu la People's Land Organisation ankalimbikira nkhani ya malo ku Thyolo ndi Mulanje m'zaka za m'ma 2010, anthu ankawamvera chifukwa cha njala, osati chifukwa chosirira. Kutcha dandaulo lotere kaduka n'kulakwira Caliban kachiwiri. Pa nkhani iyi Hegel ndi Césaire ali pafupi ndi choonadi.

Aphunzitsi athu a Literature m'sukulu za ku Thyolo, musaimire pa manotsi a chilema cha ngwazi. Afunseni ana kuti Macbeth anaonera ndani kufuna ufumu, kuti anapha Cinna ndani, kuti chilumba chija cha mu The Tempest chinali cha yani. Kenako atumeni akafunse agogo awo za thangata ndi za 1953, adzabweretse mayankhowo m'kalasi.