Nsapato imene inasanduka phazi: mbiri ya nthano ya Cinderella

Pali ena amene amadandaula kuti alembi a mabuku a achinyamata akuwononga nthano zamakedzana poziika m'dziko la maroboti ndi zombo za m'mlengalenga. Tiyeni tilondole mbiri ya nthano imodzi, tione ngati dandauloli lili ndi maziko.

M'zaka za m'ma 800, Duan Chengshi wa ku China analemba za Ye Xian, mtsikana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza. Anathandizidwa ndi mafupa a nsomba imene ankaiweta, ndipo nsapato yagolide imene anataya ndiyo inamufikitsa kwa mfumu. Ku Ulaya nthano yofanana nayo inatuluka m'buku la Giambattista Basile ku Naples mu 1634. Mu 1697, Charles Perrault wa ku France anaikamo dzungu losanduka ngolo ndi nsapato yagalasi, zokomera olemera a m'nthawi yake. Mu 1812, abale awiri a banja la Grimm ku Germany anaifotokoza mwaukali: ana a mayi womupezayo anadzicheka mapazi kuti nsapato iwakwane.

Taonaninso maina. Cenerentola, Cendrillon ndi Aschenputtel onse achokera ku mawu otanthauza phulusa m'ziyankhulo zawo. Dzinalo ndi chitonzo chonena za malo ake pakhomo: pafupi ndi mafuwa.

Mu 2012, Marissa Meyer wa ku America anatulutsa buku lotchedwa Cinder, loyamba pa mndandanda wa The Lunar Chronicles. Anasunga phulusa m'dzina, koma nkhani anaibwezera kum'mawa, mumzinda wam'tsogolo wa New Beijing. Cinder ndi makaniko, ndipo ziwalo zina za thupi lake n'zachitsulo. Anthu otere malamulo sawayesa anthu enieni. Amatengedwa mokakamiza kukayeserapo mankhwala a mliri. Pothawa kunyumba yachifumu, chimene chinatsala pamakwerero si nsapato, koma phazi lenileni lachitsulo.

Kusinthaku si kwa chibwana. Kale nsapato inali umboni woti mtsikanayo ndi woyenera mfumu. Tsopano phazi likuulula chimene ankabisa, ndipo funso lasintha: salinso lakuti ndani adzakwatiwa ndi mwana wa mfumu, koma lakuti ndani awerengedwe ngati munthu. Wachinyamata aliyense amene anasalidwapo chifukwa cha thupi lake kapena kumene anachokera amalimva funsoli mumtima.

Choncho palibe Cinderella "weniweni" amene Meyer anamuwononga. Ifenso tikudziwa kuti agogo akati "Padangokhala", ife n'kuvomera "Tili tonse", nthano ya Kalulu sinkatuluka chimodzimodzi usiku uliwonse. Chimene chimapha nthano si kuisintha, koma kusowa woifotokoza.